Ziphuphu za akuluakulu: zomwe mungachite pakhomo musanathamangire mankhwala

Ambirife tidakula tikumva kuti ziphuphu ndi za anyamata ndi atsikana amene angotha msinkhu kumene, ndipo zimatha zokha munthu akakula. Ndiye mukafika zaka 28, 35 kapena 40 zikadatulukabe pachibwano, mumayamba kudzifunsa kuti chalakwika n'chiyani. Alangizi sachedwa kupezeka. Wina akuti ndi magazi oipa, wina akuti mwachulutsa mtedza, wina akuti mukalowa m'banja zitha, pomwe wina wakutsatsani kale kabotolo ka kirimu wa pamsika.

Madokotala a khungu amati ziphuphu za akuluakulu ndi zomwe zimatuluka munthu atapitirira zaka 25. Kwa ena n'zomwe zidayamba paunyamata osatha, kwa ena zimangoyamba ukubwera. Zimavuta kwambiri amayi kuposa abambo, ndipo zimakonda m'chibwano, m'nsagwada ndi m'khosi. Simuli nokha: kafukufuku wa matenda padziko lonse wa 2010 adaika ziphuphu pa nambala 8 pa matenda ofala kwambiri, ndipo adapeza kuti zimakhudza anthu oposa 9 pa 100 aliwonse.

Ngati ziphuphu zanu n'zochepa, pali zambiri zomwe mungachite osamwa kapena kudzola mankhwala. Koma pali malire ake, ndipo kumapeto kwa nkhaniyi tikuuzani nthawi yoyenera kupita kuchipatala.

Chiphuphu chimayamba bwanji?

Pakhungu pali timabowo tambirimbiri momwe mumamera tiubweya. M'kati mwa kabowo kalikonse muli kathumba kotulutsa mafuta ofewetsa khungu. Mafutawa akachuluka n'kusakanikirana ndi tizidutswa ta khungu lakufa, kabowo kamatsekeka. Kakatsekeka ndi kukhala kophimbika pamwamba, pamatuluka kachiphuphu koyera. Kakakhala kotsegula, zomwe zili m'katimo zimada zikakumana ndi mpweya. Kuda kumeneko si litsiro, n'chifukwa chake ngakhale mutakhula motani sikuchoka.

M'timabowomu mumakhala bakiteriya wotchedwa Cutibacterium acnes, amene amapezeka pakhungu la munthu aliyense. Kabowo kakatsekeka, bakiteriyayu amaswana, thupi limayamba kulimbana naye, ndipo malowo amatupa, kupweteka ndi kupanga mafinya. Zonsezi zimatenga masabata angapo. Chiphuphu chomwe mwadzuka nacho lero chidayamba kale pansi pa khungu, osati chifukwa cha chipisi chomwe mudadya dzulo. Dziwaninso kuti ziphuphu sizipatsirana.

N'chifukwa chiyani zikutuluka mutakula kale?

Chachikulu ndi mahomoni, makamaka a gulu la androgen, amene amachititsa khungu kutulutsa mafuta ambiri. Amayi ambiri amaona ziphuphu zikuchuluka patatsala masiku ochepa kuti ayambe msambo, pomwe ali oyembekezera, kapena pomwe akuyandikira kusiya kusamba. Njira zina zolerera, monga jakisoni wa Depo-Provera ndi timapulasitiki toika pamkono ta Jadelle ndi Implanon, zimabweretsa ziphuphu kwa amayi ena. Ngati mukuganiza kuti ndi zomwe zakuchitikirani, musasiye njirayo panokha. Kakambiraneni ndi anamwino a kusikelo ya kulera, chifukwa njira zilipo zingapo.

Mtundu nawonso uli ndi mbali yake. Ngati makolo kapena abale anu adavutika ndi ziphuphu atakula, mwayi woti inunso muvutike ndi waukulu. Kuonjezera apo pali nkhawa, zodzoladzola zotseka timabowo, ndi mankhwala ena monga prednisolone, isoniazid wa TB ndi phenytoin wa khunyu. Mankhwala otere musasiye kumwa chifukwa cha ziphuphu. Auzeni adokotala amene adakulemberani.

Yambani ndi kasambidwe

Anthu ambiri a ziphuphu amasamba kumaso mopitirira muyeso poganiza kuti vuto ndi uve. Kukhula kwambiri kumachotsa mafuta oteteza khungu, khungu limauma ndi kuthetheka, ndipo ziphuphu zimatupa kuposa kale.

Sambani kumaso kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, komanso mukatuluka thukuta lambiri. Gwiritsani ntchito madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ndi nsonga za zala zanu basi. Chinkhupule, mwala, siponji yokhakhala ya ukonde ndi zokhulira za shuga kapena mchere zisafike kumaso. Mukatha, gunditsani thaulo loyera pang'onopang'ono m'malo mopukuta mwamphamvu, ndipo thaulo la kumaso likhale lanu nokha.

Sopo ndiye amene amapweteketsa ambiri. Khungu la munthu lili ndi asidi pang'ono amene amaliteteza, ndipo sopo wochapira zovala, wamtanda kapena waufa, amauchotsa. Sopo wonunkhira kwambiri ndi uja amati wopha majeremusi nayenso amaumitsa khungu. Sankhani sopo wofatsa, wosanunkhira kwambiri. Muyeso wake ndi wosavuta: mukasamba n'kumva nkhope ikukokana kapena kuyabwa, sopoyo wakukulirani mphamvu.

M'miyezi yotentha ya October ndi November, makamaka kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, thukuta ndi fumbi zimaunjikana pakhungu. Mukachoka kumunda, kumpira kapena paulendo wautali wapansi, tsukuluzani kumaso ndipo vulani malaya onyowa ndi thukuta, chifukwa ndi amene amakulitsa ziphuphu za kumsana ndi pachifuwa.

Onaninso zomwe mumadzola

Mafuta amene amathandiza miyendo yotuwa mu June si oyenera nkhope ya ziphuphu. Mafuta olemera monga Vaseline, mafuta a kokonati ndi cocoa butter ndi bwino kuwasiyira thupi. Komabe musasiye nkhope youma. Dzolani mafuta opepuka, ndipo pogula yang'anani mawu akuti non-comedogenic kapena oil-free pabotolo, kutanthauza kuti adapangidwa kuti asatseke timabowo ta khungu.

Ngati ziphuphu zanu zadzaza pachipumi ndi m'mbali momwe tsitsi layambira, ganizirani mafuta a m'mutu. Mafuta ndi jelo wa tsitsi amatsetsereka ndi thukuta n'kutseka timabowo. Pakani pakati pa mutu, osafikitsa m'mphepete, ndipo mukatha pukutani chipumi. Wigi, meshi yogwera kumaso, duku ndi kansalu kogonera nazo zimasunga mafutawa, choncho zichapidwe pafupipafupi.

Zophoda sizoletsedwa, koma musagone nazo ngakhale mutatopa bwanji. Tsukani timaburashi ndi masiponji ake sabata iliyonse, ndipo musabwerekane ndi anzanu, ngakhale patsiku la ukwati kapena chinkhoswe pomwe siponji imodzi imayenda pankhope za operekeza onse.

Chenjerani ndi makirimu oyeretsa khungu

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Makirimu ambiri oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp amakhala ndi mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol ndi betamethasone. Ena amakhala ndi hydroquinone kapena mercury, nthawi zina osalembedwa n'komwe pabotolo. Masabata oyamba nkhope imasalala ndipo ziphuphu zimaphwa, munthu n'kumati wapeza yankho. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pakapita nthawi steroid amapyapyalitsa khungu, timitsempha timayamba kuonekera, ndipo pamatuluka tiziphuphu tambirimbiri tofanana kukula. Mukasiya, nkhope imatentha ndi kuyabwa, ndiye mumabwereranso ku kirimu yemweyo.

Hydroquinone akadzoledwa nthawi yaitali amatha kusiya zigamba zakuda bii zovuta kuchotsa, pomwe mercury amawononga impso ndi mitsempha, ndipo amafika kwa mwana amene ali m'mimba. Mayiko monga Rwanda, Ghana ndi South Africa adaika malamulo oletsa zina mwa zodzola zimenezi.

Ngati simudayambe, musayambe. Ngati mwakhala mukudzola kwa miyezi yambiri, pitani kuchipatala ndi botolo lakelo kuti akuthandizeni kusiya mwadongosolo, chifukwa masabata oyamba mutasiya nkhope imayamba yaipa isanachire.

Manja kutali ndi nkhope

Kufinya chiphuphu kumakoma, koma kumakankhira mafinya m'kati mwa khungu ndi kukulitsa chotupa. Pakhungu lakuda zotsatira zake zimakhalitsa: chiphuphu cha sabata imodzi chimasiya dontho lakuda la miyezi yambiri, kapena chipsera chokumbika cha moyo wonse. Kuboola ndi singano, pini kapena minga n'koopsa kwambiri, makamaka kuzungulira mphuno ndi mlomo wa m'mwamba, komwe mitsempha ya magazi imalumikizana ndi ya m'kati mwa mutu.

Chiphuphu chikatupa ndi kupweteka, kulungani ayisi m'kansalu koyera n'kuika pamalopo kwa mphindi 5 mpaka 10. Ayisi asakhudze khungu mwachindunji. Chikayamba kuonetsa mutu woyera, viikani kansalu m'madzi ofunda n'kuthowa kwa mphindi 10 mpaka 15, katatu patsiku. Chidzaphulika chokha nthawi yake ikakwana.

Zinthu zomwe zimakhudza nkhope tsiku ndi tsiku

Chilichonse chokhuza, chopanikiza kapena chosunga thukuta pakhungu chimatha kuyambitsa ziphuphu pamalo pomwepo.

• Foni: pukutani galasi lake tsiku lililonse, ndipo pocheza nthawi yaitali musaikanikize patsaya.
• Pilo: sinthani nsalu yake kamodzi kapena kawiri pasabata. Ngati muli ndi imodzi yokha, yalani chitenje choyera pamwamba n'kumachisintha.
• Chisoti cha njinga yamoto: a kabaza, chapani nsalu ya m'kati ndi lamba wa pachibwano, n'kuyanika padzuwa. Kuvala chisoti musasiye, ziphuphu sizingafanane ndi ngozi ya mutu.
• Chiwaya: ngati mumakazinga chipisi, mandasi kapena nyama tsiku lonse, nthunzi ya mafuta imamatirira kumaso. Tsukuluzani mukaweruka.
• Manja: chizolowezi chogwira m'chibwano muli pa desiki kapena m'minibasi chisiyeni.

Nanga chakudya?

Palibe chakudya chimodzi chomwe chimayambitsa ziphuphu kwa aliyense. Mtedza, mapeyala ndi mazira zimanamiziridwa kwambiri, koma palibe umboni wogwira mtima woti n'zimene zimabweretsa vutoli, choncho musadzimane zakudya zopatsa thanzi chifukwa cha mphekesera.

Umboni womwe ulipo ukuloza ku zakudya zomwe zimakweza shuga m'magazi mofulumira. Shuga akakwera, thupi limatulutsa insulin wambiri, ndipo insulin amalimbikitsa mahomoni ochulukitsa mafuta pakhungu. Mu 2007 akatswiri a ku Melbourne m'dziko la Australia adayesa anyamata 43 kwa masabata 12. Amene adapatsidwa zakudya zosakweza shuga msanga ziphuphu zawo zidachepa kuposa za anzawo. Kafukufuku wina wa 2002 adayeza anthu 1,200 a pachilumba cha Kitava ku Papua New Guinea, amene amadalira zinthu monga zilazi, mbatata, zipatso ndi nsomba, ndipo sadapeze ndi mmodzi yemwe wa ziphuphu.

Kwathu kuno izi zikutanthauza kuchepetsa zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, tiyi wa masupuni anayi a shuga, buledi woyera, mabisiketi, masikono ndi maswiti. Nsima simukuyenera kuisiya. Chepetsani mitanda, sankhani mgaiwa m'malo mwa ufa woyera pomwe mungathe, ndipo chulukitsani ndiwo: nyemba, nandolo, khobwe, usipa, bonongwe, chisoso, nkhwani. Pakati pa chakudya tolani gwafa, papaya, masau kapena mtedza m'malo mwa donasi.

Mkaka wa ng'ombe nawo umakulitsa ziphuphu kwa anthu ena, makamaka uja wochotsedwa mafuta, chimodzimodzinso ufa wa whey umene ena onyamula zitsulo amamwa. Ngati mukuukayikira, usiyeni kwa mwezi umodzi kapena iwiri muone kusintha. Pakapanda kusintha, bwererani. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asadzidule zakudya popanda uphungu wa achipatala.

Kumwa madzi okwanira n'kwabwino m'thupi, koma madzi paokha sachotsa ziphuphu. Mankhwala otsegula m'mimba ndi zakumwa zomwe amati zotsuka magazi sizithandiza, chifukwa vuto silili m'magazi.

Nkhawa ndi tulo

Mwina mudaonapo kuti ziphuphu zimabuka nthawi ya mayeso, ya maliro, ya kukonzekera ukwati kapena ngongole ikakuthinani. Si maganizo chabe. Munthu akapanikizika, thupi limatulutsa mahomoni amene amachulukitsa mafuta ndi kutupa pakhungu. Mu 2003 akatswiri a payunivesite ya Stanford ku America adatsatira ophunzira 22 ndipo adapeza kuti ziphuphu zawo zinkakula nthawi ya mayeso, molingana ndi kukula kwa nkhawa.

Mavuto sangathe onse, koma thupi mungalipatse mpumulo. Gonani maola 7 kapena kuposerapo, ikani foni patali nthawi yogona ikakwana, yendani ndawala kapena sewerani mpira masiku angapo pasabata, ndipo zakukhosi muziuzako munthu amene mumamukhulupirira. Ngati mumasuta fodya, dziwani kuti amachedwetsa kupola kwa khungu.

Za pakhomo: zowononga ndi zothandizako

Pa Facebook ndi TikTok pali malangizo ambiri amene amasiya anthu ndi zilonda. Izi zisafike kumaso kwanu:

• Mankhwala otsukira mano: amawotcha khungu n'kusiya dontho lakuda.
• Madzi a mandimu: asidi wake ndi wamphamvu, ndipo akakumana ndi dzuwa amatha kutulutsa matuza.
• Adyo waiwisi: amapsereza ngati moto akakhalitsa pakhungu.
• Soda, phulusa, sipiriti ndi viniga wosasungunula: zimawononga chitetezo cha khungu.
• Mkodzo: suchiza chilichonse, umangowonjezera kuthetheka.

Zilipo zina zofatsa. Madzi oyera a m'kati mwa tsamba la aloe vera amaziziritsa khungu lothetheka, bola mutsuke kaye utomoni wachikasu uja chifukwa umayabwa. Uchi weniweni ena amaupaka kwa mphindi zochepa n'kutsuka. Ziwirizi zimatonthoza khungu, koma sizitsegula timabowo totsekeka. Chomwe chili ndi umboni wokulirapo ndi mafuta a tea tree. Kafukufuku wa 1990 wa ku Australia, wa anthu 124, adapeza kuti jelo wokhala ndi magawo 5 pa 100 a mafutawa adachepetsa ziphuphu, ngakhale adachedwa poyerekeza ndi benzoyl peroxide. Mafutawa asapakidwe osasungunula ndipo asamwedwe, ndi poizoni.

Chilichonse chatsopano yambani mwachiyesa pakhungu la m'kati mwa mkono kwa masiku angapo. Pakayabwa kapena kutupa, chisiyeni.

Madontho akuda ndi dzuwa

Kwa anthu ambiri akhungu lakuda, chosautsa si chiphuphu chenichenicho koma dontho lomwe chimasiya. Khungu likatupa limapanga melanin wambiri pamalopo. Madontho otere amazimirira okha, kawirikawiri pakati pa miyezi 6 ndi 12, ndipo akuya amatenga nthawi yoposa apo. Dzuwa limawadetsa ndi kuwachedwetsa kutha, choncho zoti kuwamba nkhope padzuwa kumaumitsa ziphuphu n'zosathandiza.

Valani chipewa chakhonde kapena fundani ambulera dzuwa likaswa mtengo. Ngati thumba likulola, dzolani mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo, opepuka, m'mawa uliwonse. Koma njira yoposa zonse yochepetsera madontho ndi kuletsa ziphuphu zatsopano ndi kusafinya zomwe zilipo.

Abambo, mwina vuto ndi lezala

Tiziphuphu ta m'ndevu ndi m'khosi nthawi zambiri si ziphuphu zenizeni. Ndevu zopotana zikametedwa mpaka pakhungu zimapindika n'kulowanso m'khungu, ndipo malowo amatupa. Mankhwala ake ndi kusintha kametedwe. Siyani kumeta kwa masabata atatu kapena anayi kuti khungu lipole. Mukayambanso, gwiritsani ntchito makina osiya ndevu pang'ono m'malo mwa lezala. Ngati ndi lezala, likhale lakuthwa ndi lanu nokha, fewetsani ndevu ndi madzi ofunda, ndipo metani motsatira komwe zagonera, osakoka khungu. Kwa ometa, onetsetsani kuti makina atsukidwa musanakhale pampando.

Totupa tolimba ta kunkhongo, m'munsi mwa tsitsi, musatichedwetse. Timatha kulumikizana n'kukhala chipsera chachikulu chotukuka pomwe tsitsi silimeranso.

Mudikire nthawi yaitali bwanji?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Popeza chiphuphu chimatenga masabata kuti chipangike, kusintha kulikonse kumafuna masabata 6 mpaka 8 kuti kuyambe kuoneka, ndipo mwina 12 kuti mukhutire. Amene amasintha sopo ndi mafuta sabata iliyonse amangotopetsa khungu, ndipo sadziwa chomwe chathandiza.

Foni yanu ikuthandizeni. Dzijambuleni kamodzi pasabata, pamalo amodzimodzi ndi kuwala kofanana. Lembani zomwe mwasintha, ndipo amayi lembaninso masiku a msambo. Zithunzizi zimaonetsa zomwe kalilole wa tsiku ndi tsiku sangaonetse, ndipo zidzathandizanso adokotala.

Nthawi yopita kuchipatala

Njira za pakhomo zimagwira ntchito pa ziphuphu zochepa. Musataye nthawi ngati:

• ziphuphu ndi zazikulu, zakuya ndi zopweteka ngati zithupsa;
• zikusiya zipsera zokumbika kapena zotukuka;
• mwatsatira malangizowa kwa miyezi itatu popanda kusintha;
• ndinu mayi ndipo msambo ukudumphadumpha, mukumera ndevu kapena mukunenepa mosadziwika bwino, chifukwa izi zimatha kukhala zizindikiro za vuto la mahomoni lotchedwa PCOS;
• zabuka mwadzidzidzi mutayamba mankhwala ena;
• totupato tikuyabwa kwambiri ndipo tafalikira m'manja ndi m'miyendo, pomwe ndi bwino kuyezetsanso magazi kuphatikizapo HIV;
• zabwera ndi kutentha thupi, mwanabere kapena matuza, zomwe zingakhale matenda opatsirana monga mpox kapena katsabola;
• zikukuchititsani manyazi mpaka kujomba kuntchito, kuthawa anthu kapena kutaya mtima.

Yambirani pachipatala chaching'ono kapena cha boma chomwe muli nacho pafupi. Akaona kuti n'kofunika adzakutumizani kwa akatswiri a khungu kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Tengani mabotolo a zonse zomwe mumadzola, ndipo nenani ngati muli oyembekezera kapena mukufuna kutenga pakati, chifukwa mankhwala ena a ziphuphu, makamaka isotretinoin, amalumalitsa mwana m'mimba.

Makapisozi monga doxycycline musagule pamsika kapena kugawiridwa ndi mnzanu. Kumwa mwachisawawa kumapangitsa mabakiteriya kupima, ndipo tsiku lomwe mudzawafune pa matenda aakulu sadzagwiranso ntchito. Mankhwala a ziphuphu olembedwa ndi dokotala amathandiza kwambiri, ndipo kuwalandira msanga ndi komwe kumateteza nkhope ku zipsera zosatha. Ngakhale mutayamba mankhwalawo, kasambidwe kofatsa, mafuta opepuka, chipewa ndi kusafinya zipitirire.